Agogo akagwa, mudzi uthamange monga umathamangira mayi wapakati

M'midzi ya kwa Kasakula, kumapiri a Ntchisi, mayi wapakati akayamba kubuula usiku palibe amene amafunsa chochita. Wina amathamangira kwa mnyamata wa kabaza, wina amamanga zitenje ndi beseni, foni ya mlangizi wa zaumoyo imalira. Ambiri safika n'komwe pamenepo, poti amakhala atapita kale kuchidikiro masiku asanakwane. Khalidwe limeneli silinabwere lokha. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, mafumu m'madera ambiri anaika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo, ndipo mu 2012 boma la Joyce Banda linaika mafumu patsogolo pa kampeni ya uchembere wabwino, Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu ikutsogolera. Anthu ananyinyirika, ena anapereka mbuzi zawo mtima uli m'mwamba, koma mudzi unaphunzira kuthamanga.

Tsono aterereke agogo a m'nyumba yomweyo pa mwala wa kubafa, alephere kudzuka. Anthu awiri amawanyamula n'kukawagoneka pamphasa. Amawathowa ndi madzi otentha, mdzukulu amakagula Indocid pa okala, tsiku lachitatu kumafika wodziwa kutema mphini. Sabata ikatha mawu amakhala amodzi: “Ndi ukalamba uwu, asiyeni apume.” Pakapita miyezi iwiri kapena itatu pakhomopo pamagwa zovuta, ndipo woyankhula m'malo mwa banja amauza khamu kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Za mwala uja palibe amene amazitchula.

Chimene chimakhala chitathyoka nthawi zambiri ndi khosi la fupa la ntchafu, pamwamba penipeni, pa nyung'unyu, pomwe mwendo walumikizana ndi chiuno, malo amene Yakobo wa m'buku la Genesis anakhudzidwa n'kuyamba kutsimphina. Vuto la pamenepa, kaya lagwera nkhalamba, mwana wotentha thupi kapena mnyamata wa njinga yamoto, lili ndi maola ake owerengeka monga mmene kuliri kubereka. Madokotala odziwa kulikonza m'dziko muno alipo, ndipo kuyambira mu 2023 ali ndi chipatala chawo ku Lilongwe. Chikusowa ndi changu cha pakati pa khomo ndi chipatalacho, ndipo mafumu, makhonsolo ndi Unduna wa Zaumoyo anaonetsa kale pa nkhani ya uchembere kuti changu chimaphunzitsika.

Amene anaimapo pomwe akusenda mbuzi tsiku la msika anaona kale mmene malowa anapangidwira, pakuti pa munthu m'pomwemonso. Wosendayo akamachotsa mwendo wam'mbuyo, mpeni umakafika pa mutu wa fupa wobulungira, woyera, woterera, umene wakhazikika m'kachigoba ka fupa la chiuno. Kuti auzule amachita kupotokola ndi mphamvu ndi kudula zingwe zolimba zimene zaumanga. Choyera choterera chija ndi chikutiro cha mamilimita ochepa chabe, chimene chimateteza mafupa awiriwo kuti asakhulane. Chilibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake chikadyeka sichimeranso. M'mphepete mwa kachigobako muli mkombero wofewa wokakuza kuti mutu usatuluke wamba, m'kati muli timadzi tonanda tofewetsa, ndipo zonsezi zakutidwa ndi thumba lolimba. Chingwe cha kutsogolo kwa thumbalo ndicho cholimba kuposa zingwe zonse zomanga mafupa m'thupi la munthu, ndipo ndicho chimamulola kuima chilili pa mzere wa feteleza tsiku lonse osagwa chagada.

Pomwe munthu wasiyana ndi mbuzi m'poti iye amayenda ndi miwiri. Akanyamula phazi limodzi, thupi lonse limatsamira pa mwendo winawo, ndipo minofu ya m'mbali mwa thako imakoka zolimba kuti chiuno chisapendeke. Kukoka kumeneko pamodzi ndi kulemera kwa thupi kumapsinja mutu wa fupa uja. Akatswiri a ku Berlin, motsogozedwa ndi Georg Bergmann, anaika tizipangizo toyezera m'kati mwa nyung'unyu zachitsulo za odwala awo, n'kupeza kuti poyenda wamba mphamvu yopsinja pamenepo imayandikira kulemera kwa munthuyo kawiri ndi theka, ndipo munthu akapunthwa n'kudzigwira imatha kufika ka 8. Mwa masamu amenewa, mayi wa makilogalamu 55 amene wasenza ndowa ya malita 20, mwana ali kumbuyo, akukwera chitunda kuchokera kudambo, nyung'unyu yake ikulandira makilogalamu pafupifupi 200 nthawi iliyonse pamene waponda. Imapirira zimenezi zaka makumi angapo osadandaula.

Koma nyung'unyu ili ndi pofooka pake pamodzi. Mutu wa fupa sunakhale pamwamba pa ntchafu mowongoka. Walumikizidwa ndi kakhosi kopendekera m'kati, ndipo timitsempha ta magazi todyetsa mutuwo timakwera motsata kakhosi komweko. Khosi likathyoka n'kusuntha, timitsempha timaduka, mutu umatsala wopanda chakudya n'kuyamba kufa. Fupa la mkono limatha kulumikizana lokha pa timitengo ta sing'anga, anthu n'kumamutama, koma khosi la ntchafu silimva mphini, asing'angawo atchuke chotani.

Zizindikiro zake sizibisika. Munthu sangathe kuponda, ululu uli m'mphechepeche, mwendo wovulalawo umaoneka wofupikirapo ndipo phazi limagonera kunja. Nthawi zina fupa limangong'aluka osasuntha, agogo n'kumayendabe motsimphina masiku angapo, kenako n'kuthyokeratu. Apo ndiye kuti mwayi wa opaleshoni yaing'ono yongolimanga ndi tizitsulo watayika. Chimene chimapha ndi kugona. Munthu wamkulu wogona osatembenuka amagwidwa ndi chibayo, magazi amaundana m'miyendo n'kuthamangira kumapapo, pamatako pamabuka zilonda zosamva mankhwala, minofu imafota. Ngakhale m'mayiko olemera, momwe opaleshoni sichedwa, mwa okalamba anayi kapena asanu othyoka pamenepa mmodzi amamwalira chaka chisanathe. N'chifukwa chake malangizo a zipatala za ku England amati wodwala wotere alowe m'fiyeta tsiku lomwe wafika kapena mawa lake, ndipo kukacha adzutsidwe ayambe kuponda.

Kuno wothyoka ntchafu akafika pachipatala cha boma kawirikawiri amakokedwa mwendo. Kachitsulo kamabooledwa pa fupa la msongolo, kapena pulasitala amamatidwa pakhungu, chingwe chimadutsa kumiyendo kwa bedi, kunsonga kwake kukulendewera cholemera. Amagona choncho masabata 6 kapena kuposa. Amene amagwira ntchito imeneyi ndi makiliniko ofesa a mafupa, ndipo ayenera ulemu wawo. Maphunziro awo anayamba mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair, kudzera ku bungwe la Malawi Against Polio, ndipo mu 2008 Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba kuti dziko lonse linali ndi madokotala aakulu a mafupa 9 okha, makiliniko ofesa ndiwo akusamalira odwala mafupa 8 kapena 9 mwa 10 alionse. Pakanapanda iwo, maboma ngati Ntchisi ndi Dowa akanadzaza ndi olumala. Komabe kukoka mwendo ndi njira ya posowa pogwira. Kwa mnyamata wothyoka pakati pa ntchafu imatha kuthandiza. Kwa agogo othyoka khosi ndi kugona komwe kuja, kungoti tsopano ali pa bedi la boma.

Apa m'pomwe a zachuma amakweza dzanja. Thumba la zaumoyo ndi loperewera, malungo akupha ana, m'mafamase mankhwala akusowa. Nanga kuika chitsulo mwa munthu wa zaka 75 si kutaya ndalama? Funsoli silopusa, koma masamu ake sakukwana. Dr. Linda Chokotho ndi anzake anatsatira akuluakulu othyoka pakati pa fupa la ntchafu m'zipatala za m'Malawi muno, ena okokedwa mwendo, ena oikidwa chitsulo m'kati mwa fupa, ndipo zimene anasindikiza mu 2020 ndi 2021 zinaonetsa kuti oikidwa chitsulo ankachira msanga, mtengo wa chithandizo chonse n'kukhala wotsikirapo. Bedi la masabata 6 limadya chakudya, nthawi ya anamwino ndi malo a wodwala wina. Kafukufukuyo anali wa pakati pa ntchafu osati pa khosi, koma bedi ndi lomwelo.

Ndiye pali ndalama ina imene silowa m'mabuku a unduna, ya gadiyani. Mwana wamkazi amasiya munda wa soya udzu uli pakhosi, n'kukakhala pa boma mwezi ndi theka akugula nkhuni ndi ndiwo zimene kwawo amangotola ndi kuthyola. Ndipo agogo amene akunenedwa kuti ntchito anamaliza, m'mabanja ambiri ndiwo akulera adzukulu amasiye, dzina lawo ndilo lili pa Mtukula Pakhomo. Akagona iwo pamagona khomo lonse.

N'kulakwanso kuiona nyung'unyu ngati nkhani ya okalamba okha. Mu 2005 madokotala a mafupa m'dziko muno anayambitsa kaundula wa anthu oikidwa nyung'unyu ndi mawondo opanga, chinthu chimene mayiko ambiri a mu Africa analibe. Lipoti loyamba, la mu 2009, linali ndi nyung'unyu 73 mwa anthu 58, ndipo zaka zawo pakatikati zinali 52. Ku Ulaya woikidwa nyung'unyu amakhala wa zaka pafupifupi 70, vuto lake kudyeka kwa ukalamba. Kuno vuto lotsogola linali kufa kwa mutu wa fupa chifukwa magazi sakufikako, fupalo lisanathyoke n'komwe. Zimene zimayambitsa kufa kotere n'zodziwika: kachilombo ka HIV, matenda a sickle cell, mowa wambiri wa zaka ndi zaka, ndi mankhwala a gulu la prednisolone ndi dexamethasone akamwedwa nthawi yaitali. Kaundula yemweyo anabweretsanso uthenga wabwino mu 2014: amene ali ndi kachilombo anachira bwino ataikidwa nyung'unyu, mabala awo osavuta. Palibe chifukwa chomukanizira munthu opaleshoni poti ali pa ma ARV, ndiponso palibe chifukwa choti iye asiye kumwa.

Mankhwala a prednisolone aja ndi ofunika kuwatchera khutu, poti amapezeka kwa ogulitsa mankhwala m'misika, nthawi zina atasakanizidwa ndi ena m'kapepala n'kumati ndi a nyamakazi. Amaziziritsadi ululu, munthu amayamba kudya, nkhope imadzaza, achibale n'kumati wachira. Pansi pansi akufewetsa mafupa. Indocid, diclofenac ndi Brufen nazo, zikamwedwa tsiku ndi tsiku m'mimba mulibe kanthu, zimatupula zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka mwa okalamba. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA lili ndi mphamvu zolanda katundu wotere, ndipo mphamvuzo ziyenera kufika pa misika ya kumidzi, osathera m'mafamase a m'tauni. Za kachasu n'zosachita kufotokoza. Amaononga fupa kuchokera m'kati, kenako n'kumugwetsa mwini wake mu ngalande.

Munthu angadziwe bwanji kuti ululu wake ndi wa nyung'unyu? Ambiri amaloza kumbuyo, pamwamba pa matako, koma ululu wa kumeneko wotsetserekera kuphazi nthawi zambiri gwero lake ndi msana. Wa nyung'unyu umamveka kutsogolo, m'mphechepeche, n'kutsika ndi ntchafu mpaka pabondo. Umayamba ndi tinthu ting'onoting'ono: kuvutika kunyonyomala pachimbudzi, kulephera kuponya mwendo pokwera njinga, kuuma m'mawa podzuka, kusafikira chala chakuphazi podula zikhadabo. Alimi ndiwo umawakonda. Ku Britain, kuyambira mu 2005, wogwira ntchito pa famu zaka 10 amene nyung'unyu yake yadyeka amawerengedwa kuti wavulala pa ntchito ndipo akhoza kulandira chipukuta misozi. Mlimi wa kwa Kasakula, amene anagwira khasu ali mwana ndipo wakhala akukweza matumba a makilogalamu 50 pa ngolo moyo wake wonse, amalandira Panado ndi mawu akuti azolowere.

Chodabwitsa n'chakuti mwana wa m'Malawi amayamba moyo ndi nyung'unyu zosamalika kuposa za ana a m'mayiko ambiri olemera. Khanda limabadwa ndi kachigoba kosaya, kofewa, ndipo kamaumbika bwino mutu wa fupa ukakhazikika pakati pake, zimene zimachitika miyendo ikakhala yotangadza, mawondo atapindika. Umu ndi mmene mwana amakhalira kumsana kwa mayi ake. Madokotala a pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, anawerenga ana 40,683 amene anawaona m'zaka 10, ndipo mu 2015 analemba kuti panalibe khanda ndi limodzi lomwe limene linabwera ndi vuto la nyung'unyu yoguluka chibadwire. Ku Japan, komwe kale ankakulunga makanda miyendo itawongoledwa, vutoli linali lofala, ndipo linatsika kwambiri itayamba kampeni yoletsa mchitidwewo mu 1975. Mtundu wa anthu uli ndi gawo lake pa nkhaniyi, komabe chitenje chikuoneka kuti chikugwira ntchito imene palibe amene anachilembera. Amayi a m'tauni amene akugula zonyamulira za pachifuwa zosiya miyendo ya mwana ili lendelende, kapena kukulunga khanda mothinitsa miyendo poonera pa Facebook, ayambe afunsa apongozi awo.

Mwayi umenewu umatha kutayika usiku umodzi. Mwana watentha thupi, akukana kuponda, akulira mokuwa wina akagwedeza mwendo umodzi pomusambitsa. Kuchipatala chaching'ono amamuyeza malungo, ndipo m'dzinja kachipangizo koyezerako kamapezadi malungo mwa ana ambiri. Amalandira LA n'kubwerera kunyumba. Koma malungo sasankha mwendo umodzi. Mafinya akalowa m'thumba lija lokuta nyung'unyu amasungunula chikutiro choterera m'masiku ochepa, ndipo kufufuma kwake kumatsamwitsa timitsempha todyetsa mutu wa fupa. Chofunika ndi kutsegula n'kutsuka msanga, pamodzi ndi majakisoni opha tizilombo. Akachedwa, mwanayo amakula ndi mwendo waufupi, ndipo ena mwa akuluakulu amene mudzi umati analodzedwa ali ana nkhani yawo inayamba chonchi.

TB nayo imalowa m'nyung'unyu, koma imabwera mozemba: mwana amatsimphina miyezi, amaonda, amadzidzimuka ndi ululu usiku. Mankhwala ake ndi aulere, omwe aja a TB ya m'mapapo. Ndipo mnyamata kapena mtsikana wa zaka 10 mpaka 16 amene akutsimphina n'kumadandaula bondo, bondolo likuoneka labwinobwino, ayezedwe m'chiuno. Pa msinkhu umenewo mutu wa fupa umatha kuterereka pa malo amene fupa likukulira, ndipo popeza mtsempha umodzi umatumikira malo awiriwo, ululu umakamvekera pabondo.

Anyamata a kabaza ali ndi vuto lawo. Bondo likagunda mwamphamvu munthu ali chikhalire, mutu wa fupa umatulukira kumbuyo, mwendo n'kufupika ndi kupindikira m'kati. Uyenera kubwezedwa pasanathe maola 6, wovulalayo atagonekedwa tulo kuchipatala, apo ayi mutuwo ukhoza kufa. Anzake asayese kuukoka okha pamsewu. M'misewu yafumbi ya kumapiri, mvula itagwa, maola 6 amatha anthu akuimbirabe eni magalimoto.

Ku Lilongwe zinthu zasintha. Mu 2023, pa Kamuzu Central Hospital, panatsegulidwa Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, imene anthu amangoti LION, yomangidwa mothandizana ndi anthu a ku Norway, makamaka chipatala cha Haukeland cha ku Bergen. Mafiyeta, madokotala a mafupa ndi ophunzira ntchitoyo ali pamalo amodzi. Ichi n'chachikulu tikakumbukira kuti opaleshoni yoika nyung'unyu yopanga, imene John Charnley anaikhazikitsa ku Wrightington ku England mu 1962, kwa zaka zambiri kuno inali ya okhoza kulipira ku Blantyre kapena kukwera ndege kupita ku South Africa ndi India. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 317,000 ku Ntchisi ndi oposa 772,000 ku Dowa, ndipo wa kwa Kasakula kuti akafike ku LION ayenera kutsika m'phiri, kufika pa boma, kujambulidwa X-ray, kulemberedwa kalata, kenako kupeza mpando mu ambulansi yodzera pa Mponela. Pakaduka pamodzi mwa malo amenewa, mafiyeta aja sakumudziwa.

Poyambira ndi pabwalo la mfumu. Sipafunika chindapusa cha mbuzi, chimene ngakhale pa uchembere chinapweteka kwambiri osauka. Pafunika mawu omveka ochokera kwa a gulupu ndi anyakwawa, obwerezedwa pa maliro ndi m'matchalitchi, akuti munthu wamkulu wakugwa n'kulephera kuponda, ndi mwana wotentha thupi wokana mwendo umodzi, agone kuchipatala tsiku lomwelo. Kanyamulidwe kake n'kosavuta kuphunzitsa: agonekedwe pa chitseko kapena thabwa, pakati pa miyendo paikidwe nsalu yopinda, miyendoyo imangidwe pamodzi ndi chitenje, akwere ngolo kapena galimoto. Kumukhazika pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto ndiko kumaliza kudula timitsempha timene tinatsala. Magulu a banki m'khonde ali kale ndi kathumba ka zadzidzidzi, ndipo mafuta a galimoto yonyamula agogo ndi zadzidzidzi zenizeni, zoyenera kulipiridwa asanafike pogula bokosi. Alangizi a zaumoyo, amene amadziwa khomo lililonse la mayi wapakati m'dera lawo, sangalephere kudziwanso makomo a nkhalamba zogona zokha.

Zotsalazo ndi za boma. Ambulansi imene imadzuka usiku chifukwa cha mayi wotaya magazi idzukenso chifukwa cha mwendo wogonera kunja. Kawirikawiri wothyoka amauzidwa kuti adzionere yekha mayendedwe. Makina a X-ray a pa boma akaonongeka, kukonza kwake kuwerengedwe m'masiku osati m'miyezi. Kiliniko ofesa wa ku Ntchisi akhale ndi nambala ya dokotala wa ku LION imene imayankhidwa, atumize chithunzi pa WhatsApp, chigamulo chituluke dzuwa lisanalowe. Zitsulo zoika m'mafupa zikhale ndi mzere wake m'bajeti ndi m'nkhokwe za Central Medical Stores Trust, m'malo modalira zimene alendo abwera nazo m'masutikesi. Ndipo khonsolo iwerenge okalamba othyoka nyung'unyu monga imawerengera imfa za amayi pobereka, ikufunsa kuti anafika tsiku lachingati ndipo anathera kuti. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024. Bungwe loimira okalamba la MANEPO ndi ena amalitchula kwambiri pa nkhani ya kuphedwa kwa nkhalamba zonamiziridwa ufiti, ndipo n'zoyenera, koma agogo ofera pamphasa chifukwa chosowa galimoto nawonso lamulolo ndi lawo.

Kupewa ndiko kutsika mtengo. Mafupa amafooka ndi zaka, makamaka mwa amayi akasiya kusamba, ndipo amafuna kashiamu. Kafukufuku wa zakudya wa mu 2015 anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja m'Malawi salandira kashiamu wokwanira, ndipo pomwe mkaka ndi wosowa, nsomba zing'onozing'ono zodyedwa ndi minga yomwe ndizo zimapulumutsa: usipa, bonya, matemba. Mawere, bonongwe, chisoso ndi soya amene kumapiriku amalimidwa n'kugulitsidwa yense kwa mavenda nazo zimathandiza. Fupa limalimbanso ndi ntchito, choncho kuwalanda agogo kakhasu kawo ndi kuwakhazika pakhonde tsiku lonse si chikondi kwenikweni. Chowalanda ndi ndowa ndi mtolo wa nkhuni.

Malo amene okalamba amagwera amadziwika, ndipo ndi ochepa: mwala wa kubafa umene wachita ndere, kanjira ka kuchimbudzi usiku, chitsitso cha pakhonde chimene mvula yakumba. Mtengo wogwirira wozikidwa m'bafa ndi m'chimbudzi, tochi ya pamutu pa mphasa, ndi kupala ndere kamodzi pa sabata sizifuna thandizo la mabungwe. Agogo amene akupunthwa pafupipafupi ayezedwe maso, poti ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ya mphindi zochepa, ntchito imene chipatala cha Nkhoma chinatchuka nayo. Amene akumva chizungulire podzuka atayamba mankhwala a BP akauze adokotala. Ndodo nayo ili ndi kagwiridwe kake: igwidwe ndi dzanja la mbali yabwino, osati la mbali yopweteka, n'kumaponda pamodzi ndi mwendo wodwalawo. Ikagwidwa choncho imapeputsira ntchito minofu ya m'mbali mwa thako ija, ndipo katundu wa pa nyung'unyu amachepa. Ambiri amaigwira mosemphanitsa.

Pomaliza pali ulendo wobwerera, umene madokotala a m'tauni amauiwala. Woikidwa nyung'unyu yopanga amauzidwa kuti m'masabata oyamba asakhale pansi kwambiri, asapinde ntchafu mopyola, asapingase miyendo, kuopa kuti mutu watsopanowo ungaguluke. Kenako amatsika galimoto pakhomo pomwe pogona ndi pamphasa, pokhala ndi pa kampando ka m'khitchini, chimbudzi n'chonyonyomala. Akatswiri ophunzitsa odwala kuyendanso akuphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences ndipo ena ali m'zipatala za maboma, koma safika m'midzi, choncho gadiyani ndiye ayenera kuphunzitsidwa mafizo ake wodwala asanatuluke m'wodi. Mmisiri wa matabwa wa pa Kasakula akhoza kukhoma mpando wobooka pakati woika pachimbudzi, ndi bedi lofika m'mawondo, tsiku limodzi, ngati kalata yotulutsira wodwalayo italemba muyezo wake ndipo achibale atauzidwa kukadali sabata.